Ulendo wa Tsiku Limodzi Kucokera ku Njuli Kukaona Blantyre

1. MSEU WA PA NJULI

Njuli ndi malo a m'boma la Chiradzulu, pa mseu waukulu wocokera ku Zomba kunka ku Limbe ndi ku Blantyre. Munthu akaima pamseupo m'mamawa aona magalimoto ambiri alikulowera ku tauni. Ena anyamula miyala yoswedwa pa Njuli pomwepo, ena matimati ndi kabici, ena matumba a nandolo, ndipo ena nsomba zocokera ku nyanja. Anthu a pa Njuli nawonso amapita ku tauniko kawirikawiri. Wina apita kukagulitsa mbeu zace, wina kukazonda wodwala ku cipatala ca Gulupu, wina kukafuna nchito. Akatha cimene anapitira, abwerera msanga kuti dzuwa lisawalowere panjira.

Motero alipo anthu ambiri amene afika ku Blantyre nthawi zosawerengeka, koma mzindawo sanauone. Adziwa pokwerera minibasi ndi pogulitsira nandolo, koma sadziwa amene anaumba njerwa za nyumba zakale zimene amazipitirira. Ena amayesa kuti mbiri ya mzindawo ndi ya Azungu ndi Amwenye okha. Si tero ai. Blantyre anamangidwa ndi manja a anthu a m'midzi yozungulira, ndipo kuyambira pa ciyambi kufikira lero amadya za m'minda yao. Munthu wa pa Njuli akapatula tsiku limodzi lokaona mzindawo modekha, akapezako mbiri ya makolo ace omwe.

2. KUKONZEKERA ULENDO

Ulendo wotere sufuna ndalama zambiri, koma ufuna kulingalira. Nyengo yabwino ndi miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mvula yatha ndipo dzuwa silitentha kwambiri. Koma m'miyezi yomweyo mumabwera ciperoni, mphepo yozizira ija yodza ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Cifukwa cace waulendo asaiwale cobvala cofunda.

Asankhe tsiku la pakati pa sabata, pamene misika ndi maofesi ziri zotsegula. Ndalama zace azigawe patatu: za minibasi, za cakudya, ndi za polowera m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndalama yobwererera kwao aisunge payokha, asaikhudze. Popeza mitengo imasinthasintha, ayambe wafunsa mnzace amene anapitako posacedwa, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Malo oyenera kuona ndi anai: Mishoni ya Blantyre, nyumba ya Mandala, Chichiri ndi Limbe. Nzeru yace ndi kuyamba ndi malo a kutali. Waulendo anyamuke mbandakuca, apitirire Mapanga ndi Kachere, asinthe minibasi mu Limbe, nakatsike mu Blantyre mwenimweni. Akatero adzayamba ndi malo akale koposa, ndipo pamene dzuwa lipendeka adzakhala alikuyandikira kwao.

3. PA MISHONI

Atatsika mu Blantyre, waulendo ayende ndi miyendo kulowera ku Wenela, kumene kuli depoti ya mabasi. Dzina limeneli ndi la bungwe limene kale linkalemba amuna a m'dziko muno kukagwira nchito ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. Kupitirira pang'ono, pa mseu wa ku Chileka, adzaona chalici cacikulu ca njerwa zofiira pakati pa mitengo. Pamenepo ndipo panayambira mzinda.

Asanabwere Azungu, dziko la pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru linali la Amang'anja, anthu odziwa kulima thonje, kuomba nsalu ndi kusula makasu. Pambuyo pace kunafika Ayao, ndipo mmodzi wa mafumu ao anali Kapeni. Inali nthawi yoopsa ya nkhondo, njala ndi malonda a akapolo. David Livingstone anayenda m'dziko la mapiri limeneli m'caka ca 1859. M'caka ca 1861 anabweranso pamodzi ndi Bishopu Mackenzie, amene anakhazika mishoni pa Magomero, kufupi ndi Namadzi. Mishoni imeneyo sinakhalitse. Bishopuyo anamwalira mu Januwale 1862, ndipo otsala anatsikira ku cigwa ca Shire.

Livingstone atamwalira m'caka ca 1873, mpingo wa Church of Scotland unatuma Henry Henderson kudzafuna malo a mishoni yatsopano. Womasulira wace anali Tom Bokwito, mmodzi wa akapolo amene anaomboledwa m'masiku a Magomero. Iyeyu ndiye anali kamwa ndi makutu a Henderson pa maso pa mafumu. Anapeza malo m'dziko la Kapeni, patsinde pa Ndirande, pamene panali madzi abwino ndi mphepo yozizira. Gulu la amishoni linafika pa 23 Okotobala 1876, ndipo malowo anawacha Blantyre, dzina la mudzi wa ku Scotland kumene Livingstone anabadwira m'caka ca 1813. Eni dziko amauchanso mzindawo Kabula. Motero Blantyre ndi wamkulu pa kubadwa kuposa Johannesburg, amene anayamba mu 1886, ndi Harare wa mu 1890, ndi Nairobi wa mu 1899.

Zaka zoyamba za mishoniyo sizinali zokoma. Amishoni anadziyesa mafumu ndi oweruza milandu. Anakwapula anthu ndi cikoti, ndipo munthu wina amene anamganizira kuti anapha mkazi anamuombera ndi mfuti. Mbiri ya nkhanza zimenezi inamveka ku Britain m'caka ca 1880, ndipo mpingo unacotsa mtsogoleri wa mishoni pamodzi ndi anzace awiri. M'caka ca 1881 kunabwera mtsogoleri watsopano, David Clement Scott, munthu wolemekeza mafumu ndi wokonda cinenero ca anthu.

Scott ndiye anatsogolera nchito yomanga chalici ca St Michael and All Angels. Nchitoyo inayamba mu 1888, ndipo chalicico cinapatulidwa pa 10 Meyi 1891. Codabwitsa ndi ici, cakuti Scott sanaphunzire za kamangidwe ka nyumba, ndipo amene anamanga naye anali amuna a m'midzi amene anali asanaonepo nyumba yotere. Dothi analikumba pafupi pomwepo, njerwa anaziumba m'zikombole za matabwa, naziocha ndi nkhuni. Akuti njerwazo ziri za maonekedwe 81 osiyanasiyana. Waulendo azungulire chalicico pang'onopang'ono, ayang'ane njerwa zokhota za pa mazenera ndi pa zitseko, nakumbukire kuti iriyonse inapita m'manja mwa munthu wakuda. Dzina la Scott linalembedwa m'mabuku, koma mutu umodzi susenza denga.

Munthu amene waphunzira kuwerenga ali wamkulu ali ndi cifukwa cina cokondera malo amenewa. M'caka ca 1892 Scott anaturutsa buku lalikulu lomasulira mau a Cimang'anja. M'caka ca 1909 panatsegulidwa sukulu ya Henry Henderson Institute, imene anthu amaicha HHI. M'caka ca 1911 mpingo unadzoza abusa ace oyamba acikuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha. Matecheta anacokera ku dera la Nguludi, ndipo atakalamba analemba mbiri ya mishoniyo m'cinenero ca anthu, m'buku lochedwa Blantyre Mission: Nkhani za Ciyambi Cace, limene linasindikizidwa mu 1951.

4. PA MANDALA

Kucokera pa Mishoni waulendo abwerere pakati pa mzinda, naoloke mtsinje wa Mudi kukwera ku Mandala. Kumeneko kuli nyumba yosanja ya khonde lozungulira, imene inamangidwa m'caka ca 1882. Mwa nyumba zonse za cizungu zimene zikali ciriri m'Malawi, iyi ndiyo yakale koposa.

Eni ace anali a kampani ya African Lakes, imene inayamba ku Glasgow m'caka ca 1878. Oyendetsa ace anali abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir. John ankabvala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwace anamucha Mandala. Dzinalo linacoka pa munthu, linapita pa nyumba, pa kampani, ndi pa masitolo ace onse a m'dziko muno.

Kampaniyo inkagula minyanga ya njobvu ndi kugulitsa nsalu, mikanda, mcere ndi zina. Katundu wace ankabwera pa sitima za pamadzi mu mtsinje wa Shire kufikira pa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwace kuli mathithi, ndipo sitima sizingapite. Tsono katundu yense ankakwera phiri pa mitu ya anthu kufika ku Mandala, ndi kutsikanso kunka ku Matope, kumene sitima zina zinkadikira. Anthu amenewa ndiwo amtengatenga. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera mapaundi 50 kapena 60, ndipo malipiro ace poyamba anali nsalu. Ena ankanyamula Azungu pa macila. Malata, mabelo a nsalu, ngakhale zitsulo za sitima za pa nyanja, zonse zinadzera pa mitu ndi pa mapewa a amuna a m'midzi.

Nyumba imeneyi iri ndi mbiri inanso yokhudza Chiradzulu. M'caka ca 1900 Mbusa John Chilembwe, atabwera ku maphunziro ku America, anakhazika mishoni yace ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Anthu ace anali kubvutika ndi thangata, ndiyo nchito yokakamiza imene okhala m'minda ya Azungu ankagwira m'malo mwa lendi. Nyumba zace zopemphereramo za m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero zinatenthedwa. Nkhondo ya 1914 itayamba, iye anadandaula poyera kuti anthu akuda alikufa pa nkhondo imene sinali yao. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ace anaukira. Gulu lina linapita ku Magomero, kumene linapha William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo. Gulu lina linayenda usiku wonse kufika ku Mandala kukathyola nyumba yosungiramo mfuti. Mfuu inamveka msanga, ndipo anangotengako mfuti zowerengeka. Kusowa kwa zida kunafooketsa nkhondoyo. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915, ndipo otsatira ace ambiri anaomberedwa kapena kupacikidwa. Lero dziko limamkumbukira pa 15 Januwale caka ndi caka.

M'cipinda ca pamwamba ca nyumba ya Mandala muli mabuku ndi zithunzi zakale za bungwe la Society of Malawi. Waulendo apemphe mwaulemu kuona zithunzi za amtengatenga ndi za mzinda ukali tsopano.

5. CAKUDYA CA MASANA

Pofika masana njala idzakhala itagwira. Mu Blantyre muli mahotela a mtengo wapatali, koma mulinso malesitilanti ang'onoang'ono pafupi ndi msika, m'mene munthu angadye nsima ndi ndiwo pa mtengo woyenera. Asankhe malo a ukhondo, pamene pali madzi osamba m'manja ndi cakudya cotentha, ndipo afunse mtengo asanadye.

Mbale imene amuikire irinso ndi mbiri yace. Cimanga ca nsimayo si mbeu ya makolo akale lomwe. Cinacokera ku America, ndipo cinafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi, monganso cinangwa, mbatata, mtedza ndi matimati. Cisanafale cimanga, anthu ankadalira mapira ndi mawere. Mawerewo akali kugwira nchito pophika thobwa, limene waulendo angalipeze pa msika.

Pa ndiwo, mlendo aliyense amafuna kulawa cambo, nsomba ya m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Kale cambo cinali cocuruka, koma cinacepa cifukwa ca kupha kopitirira muyeso, ndipo tsopano ndi ca mtengo wokwera. Wa ndalama zocepa asacite manyazi kuitanitsa usipa, utaka, kapena matemba a ku Chilwa. Nsomba zambiri zocokera ku Mangochi ndi ku Chilwa zimadzera mseu wa ku Zomba, ndiye kuti zinapita pa Njuli zisanafike m'mbalemo.

Nandolo ndi cinangwa zikumbutsa za Alomwe, amene analowa m'dziko muno ambirimbiri kucokera ku Mozambique kuyambira ca m'ma 1900, pothawa nkhanza ndi misonkho ya Apwitikizi. Ambiri anakhala m'minda ya Azungu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, nagwira thangata. Zakudya zao monga makaka ndi kalongonda zidziwika kufikira lero. Nandolo wa ku Chiradzulu amagulidwa mu Limbe, ndipo wambiri amatumizidwa ku India. Kucokera ku India komweko kunabwera samusa, pamodzi ndi Amwenye amene anayamba kutsegula masitolo m'dziko muno ca m'ma 1890. Ofuna cakudya ca msanga angapite pa ciwaya kukagula chipisi ndi kanyenya, kapena kugula mandasi ndi zitumbuwa kwa amai a m'mbali mwa mseu.

Womwera khofi kapena tiyi adziwenso ici. M'caka ca 1878 wolima maluwa wa pa Mishoni, Jonathan Duncan, anabwera ndi timitengo titatu ta khofi kucokera ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanaphuka. Pa kamtengo kameneko panacokera minda yambiri ya khofi, imene inakopa Azungu kudzatenga malo akuluakulu m'dziko la mapiri limeneli. Khofi atalephera ca m'ma 1900, eni minda anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Motero kamtengo kamodzi kanabala cuma kwa ena, ndi kusowa kwa malo olima kwa ena.

Kuti mzinda ndi midzi zidya m'mbale imodzi kunaoneka poyera pa njala ya 1949. Mvula inadula mbeu zikali zazing'ono, ndipo cimanga cinauma m'minda ya m'boma la Blantyre ndi maboma oyandikana nalo. Amuna anayenda maulendo atali kukasuma. Anthu anadya mizu ndi zipatso za m'chire. Boma linaitanitsa cimanga kunja ndi kutsegula malo ogawirapo cakudya, koma okalamba ndi ana ambiri anafa, makamaka kumayambiriro kwa 1950. Amene anasauka koposa anali akazi osiyidwa ndi amuna ao, amene analibe ndalama zogulira cakudya. Nkhalamba za masiku ano zimene zinali ana pa nthawiyo zikali kuikumbukira njala imeneyo.

6. PA CHICHIRI

Atadya, waulendo akwere minibasi yonka ku Limbe. Adzapitirira Ginnery Corner, pamene kale panali makina ocotsera njere za thonje, ndiponso cipatala ca Queen Elizabeth, cija ca Gulupu, cimene cinatsegulidwa mu 1958. Atsike pa Chichiri.

Pamenepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966. Pabwalo pace pali injini yakale ya sitima ya pamtunda ndi makina ena oyendera nthunzi. M'kati muli zida za miyala za anthu akalekale, makasu ndi mikondo yosulidwa ndi makolo, zinthu za m'nthawi ya ukapolo, ndalama zakale, ndi mwala wocokera kumwamba umene unagwa ku Machinga m'caka ca 1981. Zinthu zambiri ziri ndi mau olembedwa pambali pace. Apa ndi pamene munthu amaona phindu la kudziwa kuwerenga, ndipo pamene mau abvuta, anchito a pamalopo amathandiza wofunsa.

Pafupi pomwepo pali bwalo la masewera la Kamuzu. M'bwalo limeneli, pakati pa usiku wolowa tsiku la 6 Julayi 1964, mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo ya Malawi inakwezedwa, pa maso pa Dr. H. Kamuzu Banda ndi Prince Philip. Ulamuliro wa Angerezi, umene unayamba mu 1891, unathera pamenepo. Panali patapita zaka 49 cifere Chilembwe. Cipilala ca ufulu cimene catang'adza pa mseu waukulu ndi cikumbutso ca tsikulo.

7. MU LIMBE NDI KUBWERERA

Malo otsiriza ndi Limbe, mwana wa njanji. M'caka ca 1908 sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre kucokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, ndipo katundu amene ankakwera phiri pa mitu ya anthu anayamba kukwera pa njanji. A njanji anaika likulu lao mu Limbe. Caka comweco kampani ya Imperial Tobacco inamangamo fakitale ya fodya, ndipo mu 1938 munatsegulidwa msika wa okushoni wa fodya. Amwenye anandanda masitolo ao m'mbali mwa miseu. Blantyre anali ndi khonsolo yace kuyambira 1895, Limbe nayenso anali ndi yace, kufikira m'caka ca 1956 pamene matauni awiriwo anaphatikizidwa. Likulu la Boma silinakhalepo ku Blantyre. Linali ku Zomba, ndipo mu 1975 linasamukira ku Lilongwe. Koma likulu la malonda linakhala Blantyre ndi Limbe.

Mu msika wa Limbe waulendo adzapeza anthu a kwao alikugulitsa matimati, kabici, mpiru ndi nandolo. Asunge bwino thumba lace pakati pa khamu. Ndi ndalama zotsala agule za ana: buledi, kapena usipa wouma, kapena kambale ka mpunga. Akwere minibasi ya ku Zomba dzuwa likali m'mwamba.

Panjira adzakomana ndi magalimoto odzaza miyala ya pa Njuli alikunka kumene iye wacokera. Miyala imeneyo ikalowa m'maziko a nyumba ndi m'miseu ya mzindawo, monga momwe njerwa za amuna a m'midzi zinalowera m'makoma a chalici ca pa Mishoni. Phiri la Chiradzulu likaonekera kutsogolo, ndiye kuti wafika. Madzulo, ana atatha kudya za ku tauni, awakhazike pansi nawauze za Tom Bokwito, za amtengatenga, za anthu a ku Mbombwe amene anayenda usiku wonse kunka ku Mandala, ndi za njala ya 1949. Ndipo pa ulendo wotsatira atenge mmodzi wa anawo, kuti akadzionere yekha.